Yankho kwa amalume: munthu angazimitse bwanji injini yabwinobwino?

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaliona funso mwaponya m'gulumu, loti kodi n'zoona kuti ndege imene inapha timu ya mpira ya Zambia mu 1993 inagwa chifukwa woyendetsa anazimitsa injini yolakwika, nanga munthu wodziwa ntchito yake angachite bwanji zoterozo. Kulemba kunditalikira, ndingolankhula, enanu muzimvera limodzi.

Eya, n'zimene linanena lipoti la boma la Gabon, limene linatuluka mu 2003, patatha zaka 10. Inali ndege ya asilikali a Zambia, mtundu wa Buffalo, ya injini ziwiri. Anyamatawo ankapita ku Dakar kukasewera ndi Senegal polimbirana malo ku World Cup. Usiku wa pa 27 April, itangonyamuka ku Libreville, likulu la Gabon, komwe inaima kuthira mafuta, injini yakumanzere inavuta, woyendetsa n'kuzimitsa yakumanja yomwe inalibe vuto. Ndege inagwera m'nyanja, anthu onse 30 n'kutha, 18 mwa iwo osewera, ndi kochi wawo Godfrey Chitalu. Kalusha Bwalya munalibemo poti ankasewera ku PSV, timu ya ku Netherlands, ankayenera kukawapeza anzake ku Dakar konko.

Koma lipoti lomwelo linatchulanso kagetsi kochenjeza kamene sikankagwira bwino, komanso kutopa, chifukwa woyendetsayo anali atangobwera nayo timuyo kuchokera ku Mauritius dzulo lake. Ndiye munthu akangoti "analakwitsa ndi payiloti" n'kusiyira pomwepo, kwa ine nkhani waidula pakati. Chofunika kufunsa n'chakuti, pa nthawi imeneyoyo, chinamuchititsa n'chiyani kuona ngati akuchita zolondola?

Kuti muone bwino, ndikutengereni ku England, chifukwa zomwezi zinachitikanso kumeneko ndipo anafufuza mpaka pansi. Pa 8 January 1989, ndege ya British Midland, Boeing 737-400 yatsopano, inanyamuka ku Heathrow kupita ku Belfast ndi anthu 126. Ikukwerabe, chitsulo china chozungulira mu injini yakumanzere chinathyoka. Ndege yonse inayamba kunjenjemera, fungo la utsi kulowa m'kati. Tsono mudziwe kuti oyendetsa ali kutsogolo kuja injini saziona bwino, amadalira zipangizo zili pamaso pawo ndi zimene anazolowera.

Apa mpamene panagona nkhani. Kapitawo, woyendetsa wamkulu, ankadziwa kuchokera ku ndege zimene anayendetsapo kale kuti mpweya wolowa m'kati umachokera kwambiri ku injini yakumanja. Ndiye utsi ukamveka, nzeru imati vuto lili kumanja. Koma pa mtundu watsopanowu makonzedwe ake anali atasintha. Zili ngati inu amalume mwazolowera galimoto ya ku Japan, tsiku lina mwakwera ya ku Germany, mukufuna kuyatsa indiketa n'kupezeka mwayatsa mawaipa. Si umbuli ayi, ndi dzanja limene lapita komwe linazolowera. Kachipangizo kosonyeza injini imene ikunjenjemera kanalipo, ndipo kankasonyeza zoona, koma kanali kakang'ono, komanso oyendetsa ambiri sankakakhulupirira chifukwa pa ndege zakale zipangizo zotere zinkanama. Maphunziro osinthira ku ndege yatsopanoyi analinso achidule, sanayesererepo vuto ngati limeneli pa zipangizo zatsopanozo.

Chimene chimandizizira thupi ine n'ichi. Atangochepetsa mphamvu ya injini yakumanja, kunjenjemera kuja kunachepa, utsi n'kutha. Ndani sangati wapeza vuto? Chonsecho chinachitika n'chakuti pochita zimenezo anachotsa makina amene amadziwonjezera okha mafuta, ndiye injini yowonongeka ija inayamba kulandira mafuta ochepa n'kukhala ngati yakhazikika. Cholakwikacho chinaoneka ngati chachiza. Kapitawo anayamba kubwereza kudzifunsa kuti tinaona chiyani kwenikweni, koma wailesi inamudula, a pansi akumupatsa malangizo otsikira, basi sanabwererenso ku funsolo.

Ndiye kumbuyo kuja, eee. Kapitawo analengeza kuti vuto lili ku injini yakumanja ndipo aizimitsa. Okwera ena anali ataona ndi maso awo moto ukutuluka kumanzere. Anadabwa, koma palibe amene anafikitsa mawu kutsogolo, ankati akuluakuluwo akudziwa zimene akuchita. Ife tomwe tinaleredwa kuti wamkulu sumudula mawu, tikanakhala momwemo ndikhulupirira tikanangoti duu chimodzimodzi. Atayandikira bwalo la ndege la East Midlands, komwe anapatukira kuti akatere, anawonjezera mphamvu, injini yodwala ija inatheratu, ndipo nthawi yodzutsa yabwino ija panalibe. Ndege inagwera m'mbali mwa msewu waukulu wa M1 pafupi ndi mudzi wa Kegworth, bwalo likuonekera poteropo. Anthu 47 anamwalira.

Oyendetsa aja analakwitsa, sindikuwaikira kumbuyo, anafulumira kugamula asanayang'anitsitse, ndipo kampani inawachotsa ntchito. Koma kuwachotsa kokhako sikukanateteza ndege yotsatira. Injini za mtundu umenewo anazikonza, poti zinathyokanso pa ndege zina chaka chomwecho. Maphunziro anasintha, makamaka oti ogwira ntchito kumbuyo azilankhula ndi oyendetsa mosaopa. Lero kuzimitsa injini m'mwamba sikuchitika ndi munthu mmodzi, wina amagwira chozimitsira n'kutchula kuti ndi injini iti, mnzake amayang'ana n'kuvomereza, kenako azimitse. Ngakhale zili choncho, mu 2015 ndege ya TransAsia ku Taipei inagwera mu mtsinje pa vuto lomweli, anthu 43 n'kufa. Munthu akadzidzimuka, mutu umagwira chinthu chimodzi n'kukana kumva zina.

Chimene chimandipweteka pa za Gabon n'chakuti a ku England lipoti lawo linatuluka mu 1990, aliyense n'kuliwerenga, pamene mabanja a ku Zambia anadikira zaka zonse zija kuti amve chabe chimene chinachitika. Mundipatsireko moni azakhali, ndiimba Loweruka.