Valheim iguleni achimwene, koma muyambe mwamva izi

Achimwene, ndaliona funso lanu la usiku lija. Mwati ndalama imene mwasunga ikukwana gemu imodzi yokha, mtima uli pa Valheim, koma mawu akuti early access akukubwezani m'mbuyo poopa kulipira chinthu chosatha. Mwatinso laputopu yanu si yamphamvu kwenikweni, ndipo mukufuna muzisewera ndi mng'ono wanu amene ali ku Johannesburg. Ine gemuyi ndakhala nayo nthawi yaitali, pandekha komanso ndi anzanga awiri, ndiye ndiloleni nditambasule.

Ndikuti gulani. Koma mugule chifukwa cha zimene zilimo lero, osati zimene opanga alonjeza kudzaikamo mawa. Mantha anuwo ndi omveka, pakuti early access ndi malonda oti mumalipira nyumba ikadali pa mawindo, womanga n'kukuuzani kuti denga likubwera, ndipo alipo magemu amene anasiyidwa panjira ndalama za anthu zitapita kale. Ngakhale a Steam eniake, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu, amalemba chenjezo patsamba la gemu iliyonse yotere, loti ngati simukukhutira ndi mmene ilili pano, kuli bwino mudikire. Funso lenileni ndi lakuti: opanga Valheim atati asiye ntchito mawa m'mawa, kodi zimene zilipozi zikukwana ndalama yanu? Kwa ine zikukwana, mpaka kutsala.

Gemuyi inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya Iron Gate ya mumzinda wa Skövde ku Sweden, ndipo pamene inkatuluka pa 2 February 2021 ogwira ntchito analipo asanu okha. Sabata yoyamba inagulidwa makope 1 miliyoni, pakutha pa mwezi ndi masiku ochepa anali atakwana 5 miliyoni. Ndanena za anthu asanuwo dala, chifukwa m'pamene pagona vuto lake lalikulu: amachedwa. Zowonjezera zoyamba zazikulu, Hearth & Home, zinabwera mu September 2021. Dera latsopano la Mistlands linafika mu December 2022, patatha pafupifupi zaka ziwiri chitulukireni gemuyo, ndipo Ashlands inadza mu May 2024. Pamene ndinkasewera komaliza, dera la kumpoto kozizira lotchedwa Deep North linali lisanamalizidwe. Anthu ambiri anatopa n'kudikira, ena anakwiya ndithu. Inu zimenezi sizikukhudzani kwenikweni, chifukwa mukuyamba kumene ndipo kutsogolo kwanu kuli madera asanu ndi awiri, lililonse ndi chilombo chake chachikulu choti muchigonjetse. Ngati mumasewera madzulo mukaweruka, miyezi idzatha musanaone malire ake.

Nkhani yake ndi yaifupi. Ndinu msilikali wa chi Viking, ankhondo akale a kumpoto kwa Ulaya, amene wafa, ndipo mulungu wawo Odin wakutumani kudziko lakhumi, lotchedwa Valheim, kuti mukathane ndi adani ake. Chimbalame chachikulu chimakutulani pakati pa miyala muli ndi sanza zokha. Khwangwala wotchedwa Hugin amabwera apo ndi apo kukuuzani mawu awiri atatu, basi. Mumatola mwala ndi mtengo, mumapanga nkhwangwa, moyo n'kuyambika.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi nkhani ya chakudya. M'magemu ambiri a mtundu uwu njala imakuthamangitsani ngati ngongole, mphindi iliyonse mukuyang'ana kachizindikiro ka m'mimba. Mu Valheim simufa ndi njala. Mukapanda kudya mumangokhala wofooka, woti nguluwe ikakugundani kangapo mwagwa. Mukadya zakudya zitatu zosiyana, tinene nyama yowotcha, bowa ndi uchi, moyo ndi mphamvu zothamangira zimakwera. Mukakhala pansi pa denga pafupi ndi moto mumapeza mpumulo umene umachititsa mphamvu kubwerera msanga, ndipo nyumba ikakhala ndi bedi, mpando ndi chikopa choyala pansi, mpumulowo umatenga nthawi yaitali. Zida zikabuntha mumakonza ulere pa tebulo la ukalipentala, bola tebulolo likhale pansi pa denga. Gemu yonse yamangidwa pa mfundo imeneyi: amene wadya, wapuma, wanola nkhwangwa asanatuluke pakhomo ndi amene amabwerako. Wongodzuka n'kuthamangira kunkhalango amakasiya katundu wake yense pa mwala wa manda, luso lake n'kutsikanso pang'ono, ndipo ayenera kubwerera komweko wopanda kanthu m'manja kuti akatole zake.

Za kumanga ndiye ndikhoza kulankhula mpaka kucha. Mtengo uliwonse umene mwaika umaonetsa mtundu: wogunda pansi ndi wabuluu, wolimba ndi wobiriwira, ndipo mukamatalikira pa maziko umasanduka wachikasu mpaka kufiira, kenako chimene mwaonjezera chimagwa. Matabwa osafoleredwa amaonongeka ndi mvula. Moto suyaka pa matabwa, umafuna dothi kapena mwala, ndipo utsi umafuna potulukira. Nyumba yanga yoyamba ndinaitseka mbali zonse poopa zilombo, utsi unadzaza mpaka kuyamba kundipweteka, moto n'kuzima. Aliyense amene anaphikapo m'khitchini ya udzu nthawi ya dzinja amvetsa msanga chimene chinalakwika. Nditatsegula mpata pamwamba n'kuika kadenga kotchinga mvula, ndinakhala pansi kuonerera utsi ukukwera bwinobwino, kunja mvula ikugwa, ndipo pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti gemuyi ndikhala nayo. Chenjezo limodzi pa mitengo: mtengo umene mwadula ukakugwerani umapha, ndipo ukagwa pamtsetse umagubuduzika. Muziona kumene wapendekera.

Chilombo choyamba, Eikthyr, ndi gwape wamkulu wa ziphaliwali, ndipo mumamuitana popereka mitu iwiri ya agwape pa guwa lake. Si wovuta ngati muli ndi uta ndi mivi yokwanira. Nyanga zake ndi zimene mumapangira piki, ndipo pikiyo ndi imene imakutsegulirani nkhalango yakuda ya Black Forest, kumene kuli mkuwa ndi tini. Apa m'pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ambiri amene anasiya gemuyi anasiyira pano. Kuti mupeze chitsulo cha bronze chimodzi mumasakaniza mkuwa uwiri ndi tini mmodzi. Ng'anjo yosungunulira imafuna miyala 20 ndi timiyala tamoto tisanu totchedwa surtling core, timene timapezeka m'manda a pansi odzaza ndi mafupa oyenda. Imafunanso makala. Munthu wanu amanyamula katundu wolemera 300 basi, pokhapokha mutapeza wamalonda wotchedwa Haldor n'kugula lamba wa ndalama 950 amene amaonjezera 150. Choncho mudzakumba, mudzasenza, mudzakoka ngolo pamtunda, uku ziwanda za m'nkhalango zikukugendani miyala, mwina chimphona chabuluu cha Troll n'kutulukira chitanyamula mtengo wathunthu. Ntchitoyi ndi yotopetsa, sindikubisirani. Nzeru yake ndi yakuti musapange chilichonse cha bronze chimene mwaona pamndandanda. Nkhwangwa, piki, chishango ndi chida chimodzi chomenyera zakwana, kuphatikizapo cholimira kuti mudzale kaloti. Zovala zosokedwa ndi chikopa cha Troll ndi zopepuka ndipo zimakufikitsani patali.

Pali lamulo lina limene anthu amakangana nalo mpaka lero. Mumatha kumanga zipata ziwiri za matsenga, kulowa pa china n'kutulukira pa chinzake ngakhale kutsidya la nyanja, koma zitsulo sizidutsa pamenepo. Chitsulo chimene mwakumba kudambo la Swamp muyenera kubwera nacho pa ngalawa. Poyamba zinkandipweteka mtima. Tsiku lina tinadzaza ngalawa ndi chitsulo cha madzulo atatu, tinanyamuka dzuwa likulowa, mphepo inatitembenukira, mkuntho unayamba, ndipo chinjoka cha m'nyanja chinatulukira kumbuyo kwathu. Mmodzi anagwira chiwongolero, awiri tinkaponya mivi mumdima, mpaka tinakakocheza pagombe losadziwika ngalawa itatsala pang'ono kusweka. Palibe amene anakonza kuti zichitike choncho, zinangochokera m'malamulo a gemuyo, ndipo mpaka pano tikakumana timaikambabe nkhani imeneyi. Kuyambira 2023 anaikamo zosankha zoti mutha kulola zitsulo kudutsa pa chipata, kuchepetsa chilango cha imfa, kapena kuchulukitsa zimene mumapeza mukakumba. Ngati nthawi yanu ndi yochepa, chulukitsani zokumbazo, palibe chochititsa manyazi. Koma lamulo la ngalawa lisiyeni mmene lilili, makamaka paulendo wanu woyamba.

Swamp imeneyi ndiye imayesa munthu. Mvula siikata, mumakhala wonyowa nthawi zonse ndipo mphamvu zimachedwa kubwerera, m'madzi muli misundu ya poizoni, mumdima muli mitembo yoyenda yonyamula mauta. Musapiteko musanafulule chakumwa choteteza ku poizoni, ndipo chilombo cha kumeneko, Bonemass, mivi ndi lupanga sizichita kanthu, chimafuna chibonga. Kutsogolo kuli mapiri a chisanu, kenako chigwa cha Plains chimene chimaoneka chokongola ngati munda wa tirigu. Chikomekome cha mkuyu chimenecho: kuli udzudzu waukulu wotchedwa Deathsquito umene umagwetsa munthu wosakonzeka asanadziwe chamuluma. Mukaona udzu wachikasu muli pa bwato masiku oyambirira, talikirani gombe. Za Mistlands ndingonena kuti nkhungu yake ndi kukwerakwera miyala zinanditopetsa, ndipo ndi dera limene sindilikonda kwenikweni, ngakhale ena amalitama. Zotsalazo mukadzionere nokha. Ndikupemphaninso kuti musaonere mavidiyo a pa YouTube ofotokoza chilichonse, chifukwa kukoma kwa gemuyi kuli pa kusadziwa chimene chili kuseri kwa phiri.

Tsopano za laputopu. Pamene inkatuluka, gemuyi inali pafupifupi 1GB yokha, ndipo ngakhale yakulako ikadali yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi magemu ena amene amamaliza bandulo ya mwezi wathunthu. Koma kuchepa kwakeko kusakupusitseni kuti ndi yopepuka. Opanga amati pafunika 8GB ya RAM ndi khadi la zithunzi lofanana ndi GTX 950. Laputopu ya mu ofesi yopanda khadi lapadera imavutika, makamaka mudzi wanu ukakula kapena mukakumba ndi kusalaza nthaka kwambiri. Njira yodziwira ndi iyi: Steam imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 ndipo mwasewera osapitirira maola awiri. Gulani, tsitsani mithunzi ndi udzu pa zosankha za zithunzi, ndipo musathere maola awiriwo mukutola zipatso pabwalo loyambira. Thamangirani ku Black Forest kumene mitengo ndi yothithikana, muone ngati chithunzi chikuyenda. Chikamadukaduka pamenepo, bwezani. Pamene inkatuluka mu 2021, mtengo wake unali pafupifupi madola 20, ndipo nthawi za seli ya Steam umatsika, ndiye poti madola akuvuta chonchi, kudikira seli si kupusa.

Kusewera ndi mng'ono wanuyo n'kotheka, ndipo ndinganene kuti m'pamene gemuyi imakomera. Dziko limodzi limalola anthu mpaka khumi, ndipo ngakhale iye atakhala pa Xbox, makina osewerera magemu pa TV, inu pa kompyuta mutha kukumana, chifukwa kuyambira 2023 iliko pa Xbox ndipo mumangopatsana nambala yolowera. Chofunika kudziwa n'chakuti dziko limasungidwa pa makina a amene walitsegula. Iye akazimitsa, winayo sangalowe. Choncho atsegule amene magetsi ndi intaneti yake ndi zodalirika. Ine magetsi anandizimira ndili pa kompyuta ya patebulo, ntchito yonse yomanga doko imene ndinachita chisevereni komaliza n'kupita. Inu muli ndi mwayi wa batire, koma zolowerani kutuluka mu gemu mwadongosolo magetsi akangozima, chifukwa potuluka imaseva. Panokha mutha kusewera popanda intaneti, Steam mutaiika pa offline.

Gawanani ntchito mogwirizana ndi mtima wa munthu. Pagulu lathu mmodzi sakonda nkhondo konse, amalima kaloti ndi tanaposi wa kudambo, kuweta nguluwe, kusamala ming'oma ya njuchi ndi kuphika, ndipo popanda iye enafe sitikanafika kulikonse. Koma gwirizanani chinthu chimodzi: wina asagonjetse chilombo chachikulu mnzake palibe. Chilombo chikagwa, adani amene amabwera kudzaukira mudzi amasintha n'kukhala oopsa, ndipo wotsalira m'mbuyo ndi amene amavutika.

Ngati mumafuna gemu yokuuzani kopita mphindi iliyonse, yokhala ndi nkhani yaitali ndi anthu olankhula, iyi sikusangalatsani, ndalama yanuyo isungeni. Koma m'funso lanu mwatchula kuti mumakonda kumanga ndi kuyendayenda, n'chifukwa chake ndayankha mosakayika. Usiku woyamba musamange nyumba yatsopano, pezani kanyumba kakugwa kamene kali pafupi, kakonzeni, ikani bedi ndi moto, mugone kuti mukafa muzidzukira pamenepo. Nthawi zonse muziyenda ndi zipangizo za chipata chimodzi m'thumba, china mutasiya chomangidwa kunyumba. Mukayesa maola awiri aja mutiuze kuno mmene laputopu yachitira, ndipo mukafika pokonzekera Swamp mundifunse, ndidzakuuzani zoti munyamule.