Mawondo opweteka potsika phiri la Zomba

Achimwene, mwati mukamathamanga mawondo amakupwetekani potsika msewu wa Ku Chawe, koma pokwera ayi. Kawirikawiri vuto ndi kutambasula mwendo kwambiri: pamtsetse phazi limaponyedwa patsogolo, chidendene n'kumenya phula bondo litawongoka, kulemera konse n'kuthera pabondopo. Muziponda pafupipafupi, phazi lizigwera pansi pa thupi lanu bondo litapinda pang'ono, ndipo musatsamire m'mbuyo.

Kwa masabata awiri kwerani mothamanga koma potsika muziyenda. Kawiri pa sabata muzinjuta ka 15, kupuma, n'kubwereza katatu, kuti ntchafu zilimbe.

Onaninso nsapato. Zambiri za pa kaunjika zimaoneka zabwino pamwamba pomwe siponji ya pansi inaphwatalala kale. Dinani ndi chala, ikakhala yolimba gwa, zisiyeni. Bondo likatupa, lekani kuthamanga mukaonane ndi dokotala.