Nyimbo zikamamveka ngati zili m'chitini

Achimwene a ku Chilenje, mwafunsa chifukwa chake nyimbo za pa laputopu yanu zikumveka ngati zili m'chitini, komanso za kaphokoso ka "zzz" kosatha m'masipika.

Yambani ndi mafayilo. MP3 ya 128 kbps, fayilo yopanikizidwa kwambiri mpaka mawu ena kutayika, singakome ngakhale mutakagula masipika odula ku Kamwala. Pezani mafayilo a mtundu wa FLAC, amene amasunga mawu onse monga alili pa CD.

Ine ndimaimbira pa pulogalamu yoimbira nyimbo yotchedwa foobar2000. Mu pulogalamuyi lowani mu Preferences, pa Playback, kenako pa Output, musankhe WASAPI exclusive kuti Windows isamasakanize nyimbo ndi timabelu take.

Kaphokoso kaja, tazulani chaja ya laputopu mumvetsere. Kwanga kanangoti zii nthawi yomweyo, chaja yotchipa ndiyo inkandisokoneza. KaDAC ka USB, kachipangizo kolumikiza pakati pa laputopu ndi masipika kuti mawu azitulukira mmenemo, nakonso kangakuthandizeni.