Musamange phunziro lonse pa ayezi, komabe mumupeze

Mayi, nkhawa yanu yoti mudzaonetsa bwanji ana kuundana kwa madzi pasukulu yopanda firiji ndi yomveka, ndipo ine nkhani imeneyi imandiwawabe mumtima mpaka lero. Ndinali ndi ana a Sitandade 5 odzaza kalasi ya malata m'mwezi wa Okutobala, ndipo tinauzidwa kuti m'mawa kudzafika mlendo wodzaonerera maphunziro. Ndinagula ndi ndalama zanga mabotolo a madzi oundana kwa mayi wina wogulitsa zoziziritsa kukhosi pamsika, n'kuwakulunga m'chiguduli. Mlendoyo anafika dzuwa lili paliwombo, osatumiza uthenga, osapepesa, ndipo aphunzitsi aakulu anali atandiletsa kuyamba phunzirolo iye asanabwere. Pomasula chigudulicho ndinapeza ayezi yense atasungunuka, kwangotsala kachidutswa kakang'ono koyandama m'botolo limodzi.

Popeza mabotolowo anali akadali ozizira, ndinasintha phunziro pomwepo. Ndinapukuta botolo limodzi, n'kuliimika patebulo, ndipo madontho atayamba kuoneka kunja kwake ndinafunsa ana kumene madziwo akuchokera. Ambiri anati botolo likuchita thukuta, ena anati labooka. Kenaka mtsikana wina wofatsa, amene ankakhala pansi kumbuyo kwenikweni, anaimika dzanja n'kunena kuti madziwo akuchokera mumpweya. Ndisanamuyamikire n'komwe, mlendo uja anaimirira, anatenga botolo m'manja mwanga, n'kuuza kalasi yonse kuti mwanayo walakwa, madziwo akudutsa m'pulasitiki kuchokera m'kati. Ana anaseka mpaka ena kugudubuzika. Mtsikanayo anabisa nkhope m'kope lake, ndipo teremu yonseyo sanaimikenso dzanja m'phunziro langa. Bambo ameneyo anachoka atalemba kuti phunzirolo linalibe zipangizo zokwanira, pamene iye yemweyo ndiye anasungunula zipangizozo ndi kuchedwa kwake. Lipotilo sindidandaula nalo kwambiri. Chimene sindinamukhululukire n'chakuti anachititsa manyazi mwana yekhayo amene anaganiza bwino, ndipo anasiya bodza m'mitu mwa ana ambirimbiri chifukwa choti mawu a munthu wa tayi amalemera kuposa a mphunzitsi wawo wa tsiku ndi tsiku.

Mwanayo ananena zoona. Mumpweya muli nthunzi ya madzi imene maso sangaione, ndipo ikakhudza chinthu chozizira imataya kutentha kwake n'kusanduka madontho. Umboni wake ndi wosavuta: thirani Sobo wozizira m'botolo, dikirani madontho, kenaka mwana apukute ndi nsalu yoyera. Nsaluyo inyowa koma sisintha mtundu, ndipo zikanakhala kuti madziwo akuchokera m'kati ikanathimbirira. Imikani pambali botolo lina la madzi osazizira kuti ana aone okha kuti ilo silinyowa kunja.

Langizo langa n'lakuti musamange phunziro lonse pa ayezi, chifukwa magetsi akazima usiku kapena wina akachedwa, mutsala manja ali m'khosi. Kandulo imaphunzitsa nkhani yomweyo popanda firiji: yatsani, donthezani phula lake pambale yachitsulo, ndipo ana aona chinthu chamadzimadzi chikulimba pamaso pawo m'kanthawi kochepa. Chivundikiro cha poto wowira chimaonetsa nthunzi ikusanduka madzi, makamaka mukagwiritsa ntchito mbale yozizira yopukutidwa bwino, koma potoyo ndi mbaleyo muzigwira nokha, ana akhale patali. Muwauzenso kuti utsi woyera umene amauona pamwamba pa poto ndi timadontho kale, osati nthunzi yeniyeni. M'miyezi ya Juni ndi Julayi atulutseni m'mamawa akagwire mame paudzu, muwafunse ngati usikuwo kunagwa mvula. Funso limenelo lokha limadzutsa mtsutso wabwino kuposa tsamba lonse la manotsi.

Komabe ayezi mumupeze ndithu, ngakhale kamodzi kokha, chifukwa pali chinthu chimene kandulo singaonetse. Zinthu zambiri zikalimba zimachepa kukula, koma madzi akaundana pa 0°C amatupa ndi pafupifupi 9 peresenti, n'chifukwa chake ayezi amayandama ndipo botolo lodzaza kwambiri limafufuma kapena kuphulika m'firiji. Ana alembe mzere pabotolo pamene madzi alekezera, mulipereke kwa wa firiji, ndipo mawa lake aone okha kuti ayezi wapitirira mzerewo. Ponyamula, likwirireni m'utuchi wouma m'ndowa yovundikira kapena ikani zidutswa m'fulasiki, osati m'chiguduli chokha.

Ngati mwapeza ayezi wochuluka, muphwanyeni, musakanize ndi mchere wambiri m'chitini, ndipo pakati pake muikepo kajumbo komanga bwino kokhala ndi madzi ochepa, ngati masupuni awiri. Mchere umawonjezera kuzizira kwa msakanizowo kufika pansi kwambiri pa 0°C, motero madzi a m'kajumbomo amaundana m'kalasi momwemo, ana akuona. Phunziro limeneli muliike pa piriyodi yoyamba, ndipo wina aliyense akakuuzani kuti mudikire mlendo, mufotokoze mwaulemu kuti ayeziyo sakhalitsa, muyambe pa nthawi yake.