Tifunseni: moto ukabuka pamsika, tikagogode khomo la ndani?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndimagulitsa kaunjika pamsika wina kuno ku Dedza. Mwezi wathawu moto unabuka usiku mushopu yoyandikana nafe, akuti wina anaiwala mbaula yamakala, nde unagwira mabenchi athu mabelo anga kupsa onse. Tinaimba mafoni uku ndi uku koma mpaka kunacha palibe galimoto yozimitsa moto inafika, timangothira madzi a m'ndowa ndi mchenga basi. Chonsecho tsiku lililonse timadula tikiti ya msika. Kodi za ozimitsa motozi amayang'anira ndani, apolisi kapena a DC? — NaJere, Dedza

YANKHO: Pepani kwambiri mayi NaJere, mpamba kupsa usiku umodzi ndi zowawa zedi. Apolisi amabwera kudzateteza katundu ndi kufufuza chomwe chayambitsa moto, koma kuzimitsa moto ndi nkhani ya khonsolo. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, misika, zinyalala ndi za moto zili m'manja mwa makhonsolo, nchifukwa chake ma fire brigade omwe timawadziwa aja a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba mwini wake ndi khonsolo ya mzinda. Tsono taganizani, kuchoka ku Lilongwe kufika pa Dedza boma ndi mtunda wa makilomita oposa 80 pa M1, galimoto yodzaza madzi siithamanga ngati minibasi, olo itanyamuka nthawi yomweyo mwaimbayo imadzapeza phulusa, nanji mukakhala ku Mayani kapena ku Lobi.

Nde khomo logogoda ndi la khansala wa wodi yanu. A DC ndi ogwira ntchito awo amayendetsa ndalama ndi ntchito za tsiku ndi tsiku, koma amene amavomereza bajeti ndi full council, mmene mumakhala makhansala, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi mafumu, ngakhale mafumuwo savota. Pansi pake pali makomiti, ya zachuma, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi chilengedwe, ndipo nkhani ikapanda kulowa mukomiti siifika mubajeti ayi. Paja tinakhala kuyambira 2005 mpaka 2014 opanda makhansala, ine ndimaona ngati chizolowezi chosafunsa chinatilowa nthawi imeneyo, mpaka pano ambiri khansala timangomufunira maliro ndi mjigo ukawonongeka.

Chitani chonchi mayi. Musapite nokha, pitani ndi komiti ya msika, mulembe kalata aliyense asayine, kope imodzi kwa khansala ina ku ofesi ya DC ndipo yanu aidinde sitampa musunge. Mukalatamo funsani zinthu zoti ayankhe mosazemba: moto ukabuka tiimbe nambala iti ndipo amayankha ndani usiku? Khonsolo ili ndi galimoto yake, kapena ili ndi mgwirizano wolembedwa ndi khonsolo ina, nanga mafuta amalipira ndani? Pandalama za matikiti a msika wathu chaka chatha, zingati zinagula ma extinguisher (mabotolo ozimitsira moto), ndowa za mchenga kapena thanki ya madzi? Funso lomalizali ndi lomwe ine ndimalikonda chifukwa silifuna mamiliyoni a galimoto yatsopano, ndi zinthu zoti khonsolo iliyonse ingathe chaka chomwechino itafuna, pamodzi ndi kutsegula njira pakati pa mabenchi komanso kuyendera mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo aja amene ali mbwee m'misika yathu.

Akakuzengerezani, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuboma linayamba kugwira ntchito mu 2020, mutha kupempha bajeti ndi maminitsi a misonkhano. Akapitiriza kukhala chete, ofesi ya Ombudsman ilipo ndipo kudandaula nkwaulere. Nthawi muisamale, chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, ndiye kalata yanu ifike miyezi ingapo isanakwane nthawi imeneyo, bajeti akadali kuikonza. Za thandizo la katundu wopsayo lembetsani ku komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dera lanu kuti lipoti lifike ku khonsolo ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi, koma ndisakunamizeni, si nthawi zonse pamabwera kanthu.

FUNSO: Ine ndimamva kuti m'matauni galimoto ikafika mochedwa kapena madzi akaithera anthu amaigenda. Kodi akulakwa? Sinanga katundu wapita kale. — Bambo a ku Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Akulakwa bambo, kwambirinso. Galimoto ija imanyamula madzi ochepa, ikayamba kupopa mwamphamvu pamphindi zowerengeka thanki yauma, nde pakapanda hydrant (mpope wotungapo madzi ozimitsira moto) pafupi imayenera kubwerera kukatunga. Anyamata ovala zipewa aja sindiwo amagula mafuta, matayala kapena kuika mipope, zimenezo amagamula ndi anthu okhala mu full council. Mukaswa galasi mawa galimotoyo ili pagalaja, ndipo moto wotsatira ubuka popanda galimoto yokazimitsa. Mkwiyowo pitani nawo kumsonkhano wa khonsolo, anthu wamba amaloledwa kukhala nkumamvera, mukaone nokha ngati khansala wanu waidzutsa nkhaniyi.