Funsani Amalume: kalabala ka pa viewfinder kathawa, ndigule kena?

FUNSO: Amalume muli bwanji. Ine ndine mnyamata wa ku Kapata konkuno ku Chipata, ndimajambula maukwati ndi ma kitchen party ndi Canon 1300D yomwe ndinagula kwa munthu. Mu February ndinapita ku Nc'wala ku Mtenguleni, mukudziwa mmene anthu amapanikizanirana impi zikamalowa, ndiye pobwerera ndinangoona kuti kalabala kaja kokhala pomwe timaika diso palibe, kaya kanagwera pati. Anzanga akuti usavutike nako nkokongoletsa chabe, uzingojambulira pa sikirini ngati foni. Nzoona zimenezi? Ngati nkofunika ndingagule kalikonse kapena kali ndi saizi yake? Zikomo maningi.

YANKHO: Mphwanga, anzakowo usawamvere pa nkhani iyi, gula kena. Ukaika diso pa viewfinder, kawindo kosuzumirapo pojambula kaja, popanda kalabala, dzuwa limalowera mmbali pakati pa nkhope yako ndi kagalasi kaja, ndiye mkati mumaoneka mbuu, manambala a mmunsi aja a shutter ndi ISO, otchera kuwala kwa chithunzi, osawerengeka bwinobwino, ndipo dzuwa lathu kuno ukulidziwa, ukwati ukatuluka mu tchalitchi cha mma 12 koloko aliyense atavala zoyera palibe chomwe ungaone. Kalabalako ntchito yake nkutseka mpata umenewu. Kamathandizanso kuti kamera itsamire pa nkhope, manja awiri kuphatikiza chipumi, zigongono utazimata mnthiti, chithunzi sichigwedezeka ngati mmene chimachitira utatambasula mikono kutsogolo. Izi uziona bwino madzulo mu holo magetsi akakhala ochepa.

Zojambulira pa sikirinizo, pa 1300D ndiye ayi ndithu. Sikirini yake siitembenuka, padzuwa imangokuonetsa nkhope yako, fokasi ya Live View, komwe ndi kujambula ukuyang'ana pa sikiriniko, pa kamera imeneyi imachedwa moti mkwatibwi akamavina polowa uzingojambula msana, komanso batire limatha msanga. Ukamayang'ana pa viewfinder batire limodzi limafika zithunzi pafupifupi 500, pa sikirini nambala imeneyi imatsika ndi theka mwinanso kuposa, tsono taganiza uli ku ukwati wa kumudzi ku Chadiza kopanda pochajira.

Za saizi, eya kali ndi saizi ndipo apa mpomwe ambiri amataya ndalama. Mmashopu amakatchula eyecup, ndipo kampani iliyonse ili ndi take, ngakhale mu kampani imodzi sitifanana. Ya iweyo imafuna Eyecup Ef, komwe kamalowanso pa 1100D, 1200D, 2000D, 600D, 700D ndi 750D. Amene ali ndi 60D, 70D, 80D, 6D kapena 5D Mark II afune Eb, pomwe 7D, 5D Mark III ndi Mark IV zimafuna Eg. A Nikon nawo: DK-20 ndi ya D3100, D3200, D5100, DK-25 ndi ya D3300, D3400, D3500, D5300, D5600, DK-21 ndi ya D90, D7000, D610 ndi D750. Ukamatuma munthu ku Lusaka kapena ukadumpha pa Mwami kupita ku Lilongwe usangonena kuti ka Canon, lemba zilembo ziwirizo papepala kapena jambula kutsogolo kwa kamera pomwe pali nambala umutumizire pa WhatsApp. Tamakampani ena ngati JJC timagwiranso ntchito ndipo nthotchipirako, bola pa paketi palembedwe modelo yako. Ine ndimati gula tiwiri nthawi imodzi, kena kazikhala mchikwama, chifukwa ndalama ya transipoti imaposa mtengo wa kalabalako.

Kuika sikuvuta. Mmbali mwa viewfinder muli timizere tiwiri, ukalowetse kuchokera pamwamba nkukatsitsa mpaka kakhale nga, osakakamiza. Pochotsa ugwire mbali zonse ziwiri nkukankhira mmwamba. Kamathawa kawirikawiri chifukwa kamera ikamalendewera pamimba kapena pomwe ukuitulutsa mchikwama kamakodwa kunsi nkukankhika mmwamba, ndiye ngati ukupita pa chigulu cha anthu mata kachidutswa kakang'ono ka tepi yakuda ya magetsi pamwamba pake, basi. Koma supa guluu ndakukaniza. Mpweya wake pouma umasiya zoyera pa galasi zomwe sizichoka, ndipo kalabala kameneka kanapangidwa kuti kazichotsedwa, uona chifukwa chake pa funso lomaliza.

FUNSO: Ndine mphunzitsi kuno ku Katete, ndili ndi Nikon D3200 imene ndimajambulira kwaya yathu ndi zochitika za pa sukulu. Chiyambire pomwe mwana wanga anaiseweretsa, ndikasuzumira pa viewfinder zonse zikuoneka zosaoneka bwino ngati mmaso muli misozi, koma zithunzi ndikaika pa laputopu zili bwinobwino. Kodi yawonongeka? China nchakuti ndimavala magalasi ndiye sindiona makona onse, ndimafuna ndigule kalabala kakakulu kaja kooneka ngati kakapu, kodi kangandithandize? Ndikufuna ikhale bwino isanafike Kulamba.

YANKHO: Aphunzitsi, mtima pansi, kamera yanu ili moyo. Poti zithunzi zikutuluka zakuthwa ndiye kuti lenzi ndi sensa, kachipangizo ka mkati kamene kamagwira chithunzi, zilibe mlandu, mwanayo anangopukusa kawilo kakang'ono kamene kali chakumanja kwa viewfinder pafupi ndi kalabala. Kameneko ndi diopter, kamasintha kagalasi ka mkati kuti kagwirizane ndi diso la mwini kamera, ndipo sikakhudza chithunzi ngakhale pang'ono. Yatsani kamera, chotsani chivindikiro cha lenzi, lozetsani ku khoma loyera kapena kumwamba kopanda dzuwa, dinani batani lojambulira la shutter theka kuti manambala a mmunsi ayake, ndiye muzipukusa kawiloko pang'onopang'ono mukuyang'ana manambalawo ndi timadontho ta fokasi, osati khomalo ayi. Pomwe taonekera bwino kwambiri imani pomwepo. Samalani chala chisakutosoleni mdiso. Ngati mumajambula mutavala magalasi chitani zimenezi mutavala, ngati mumavula chitani mutavula.

Pa D3200 kawiloka kamangoyenda kuchokera -1.7 kufika +0.5, si patali, ndiye ngati magalasi anu ndi amphamvu sikangakwanitse kulowa mmalo mwake. Nikon imagulitsa timagalasi tapadera totchedwa DK-20C tolowetsa pa viewfinder ta mphamvu zosiyanasiyana, koma ngati a chipatala cha maso anakuuzani kuti muli ndi astigmatism, kawilo kapena timagalasi timeneti sitikonza zimenezo, jambulani mutavala anuwo.

Kakapu kaja ndiye musathamangire. Viewfinder ya kamera yanu inapangidwa kuti diso likhale pafupi, osapitirira mamilimita 18 kuchokera pa galasi, kuti muone chithunzi chonse. Magalasi anu adya kale gawo la mpata umenewo, nchifukwa chake makona akubisala, tsono mukaonjezerapo kakapu kakuya diso lipita kutali kwambiri ndipo muziona pakati pokha. Inu chokuyenerani ndi DK-20 wamba wophwatalala uja, wofewa, woti magalasi azigunda pa labala. Alipo makapu ena otambalala opangidwira ovala magalasi, kampani ya Hoodman imapanga, amatchinga dzuwa bwino koma muyese kaye musanalipire ngati nkotheka. Chomwe ndikupempheni nchakuti musamajambule kalabala kulibe, pulasitiki youma ija imakanda magalasi, makamaka apulasitiki amene ambiri tikuvala masiku ano, ndipo magalasi atsopano ndi odula kuposa kalabala kakhumi.

Ku Mkaika, komwe kumachitikira Kulamba, kumapeto kwa August fumbi lake si lamasewera, magalimoto ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique kuphatikiza Gule akamapalasa pabwalo, lonselo limakathera kuseri kwa kalabala. Mukabwerako kachotseni, pemererani kagalasi ndi kapampu ka mpweya kaja musanapukute, chifukwa mukayamba ndi kupukuta mchengawo ndi umene ukande. Ndipo poti mwatchula Kulamba, Gule sitimangomulozetsa kamera ngati kwaya, imani pomwe akuluakulu a mwambo akuuzani ndipo funsani kaye.

FUNSO: Amalume ine ndili ku Mfuwe, ndimajambula nyama ndi mbalame ndi Sony a6000. Ndinaitanitsa kalabala kakakulu pa intaneti chifukwa dzuwa la kuno limavuta, manje chiikireni sikirini ikungozima yokha, nthawi zina osayaka nkomwe mpaka nditakachotsa. Komanso kakale kaja kanayamba kumata mmanja nkumasiya zakuda pa nkhope. Chikuchitika nchiyani?

YANKHO: Achimwene, kamera yanu ndi mirrorless, viewfinder yake ndi kasikirini kakang'ono ka mkati, ndipo pambali pa galasi pali kasensa kooneka ngati kawindo kakuda komwe kamazindikira kuti nkhope yafika, nkuzimitsa sikirini yaikulu kuyatsa ya mkati. Kalabala mwagulako mlomo wake ukuphimba kasensako ndiye kamera ikuganiza kuti diso lanu lili pomwepo tsiku lonse. Kayang'aneni bwino ngati kali ndi kampata ka sensa ndipo ngati kakhala mowongoka, mwina kangopendekeka. Ngati kalibe kampata ndiye kuti si ka modelo yanu, ka a6000 kenikeni ndi FDA-EP10. Fumbi kapena thukuta louma pa kasensako limachitanso zomwezi, pukutani ndi kathonje kouma. Mukafuna kukasunga kakakuluko, lowani mu menyu pa FINDER/MONITOR muchotse pa Auto musankhe nokha chomwe mukufuna, kungoti muzisintha pamanja nthawi zonse, ndipo nyalugwe akatsika mumtengo sadikira kuti mumalize menyu.

Kumatako ndi labala yomwe yayamba kusungunuka. Kutentha kwa ku chigwa mu October, thukuta, mafuta odzola, zonsezi zimaidya pang'onopang'ono, koma mdani wamkulu kwanuko ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu amene muli DEET, amasungunula pulasitiki ndi labala zamitundu yambiri, ndiye mukadzola kumaso nkuika kamera pompo mapeto ake kalabala kamamata ngati ulimbo. Kakafika pamenepo katayeni sikabwereranso. Katsopanoko muzikachotsa nthawi ndi nthawi nkukatsuka ndi madzi a sopo pang'ono, kaume pamthunzi, ndipo mukadzola mankhwala sambani mmanja musanagwire kamera. Mmamawa nthawi ya dzinja mudzaonanso kuti kakapu kakuya kamachititsa nthunzi pa galasi chifukwa mpweya wofunda wa pankhope ulibe potulukira, ingochotsani diso kamphindi iphwe yokha.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi inu a mmagalimoto opanda denga mu South Luangwa: musamagoneke kamera pampando viewfinder itayang'ana kudzuwa. Kagalasi kaja kamasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi ndipo kangathe kuwotcha kasikirini ka mkati nkusiya madontho osachoka. Iphimbeni ndi chipewa kapena chitenje.

FUNSO: Tikajambula chithunzi cha banja lonse kamera ili pa tripod ine nkutchera timer kuthamangira pa mzere, chimatuluka chakuda kuposa chomwe ndinayesa ndili kuseri. Kamera ndi Canon 700D. Wowerenga wanu ku Lundazi.

YANKHO: Bambo, ndikukhulupirira dzuwa linali kumbuyo kwa kamera, poti ndi mmene timaimikira anthu kuti nkhope ziwale. Pa kamera za DSLR ngati yanuyi, zokhala ndi kalilole mkati, kachipangizo koyeza kuwala kali pamwamba pafupi ndi viewfinder, ndiye mutu wanu ukachokapo dzuwa limalowera kumbuyoko, kamera nkuyesa kuti kunja kwawala kwambiri, nkuchepetsa kuwala kwa chithunzi. Kalabala pakokha sikatseka bowolo. Tayang'anani pa lamba wa kamera yanu ngati ndi amene anabwera nayo, pali kalabala kena kakuda kamakona anayi kolowetsedwa pa lambayo komwe anthu ambiri sadziwa ntchito yake. Chotsani eyecup, lowetsani kameneko mmalo mwake, jambulani, mukatha bwezeretsani. A Nikon chawo ndi kachivindikiro ka DK-5. Ngati lamba munasintha, kansalu kakuda kapena chipewa pamwamba pa viewfinder chikwanira bola chisatchinge lenzi, kapena ikani kamera pa M (Manual), musankhe nokha shutter, aperture (kukula kwa bowo la lenzi) ndi ISO diso lili pomwepo, ISO isakhale pa Auto, mukatero ngakhale muchokepo palibe chisinthe. A mirrorless vuto ili alibe chifukwa kuwala amayezera pa sensa yeniyeniyo.