Laputopu ya RAM 4 GB: ikanimo zitatu zokha, zinazo zidikire

Mtsikana wina wa ku Mabvuku wandilembera imelo. Amalume ake anamugulira laputopu ya kaunjika m'tauni, ya Windows 10, RAM 4 GB, ndipo akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu. Mnzake wa ku koleji anamupatsa mndandanda wa zoti aikemo: Anaconda, Visual Studio, Android Studio, Java ndi XAMPP. Bandulo inatha asanafike n'pakati pomwe, laputopu inayamba kukwawa, ndipo akatayipa python pa Command Prompt (windo lotayipamo malamulo a kompyuta), kompyuta imangomutsegulira Microsoft Store. Akufunsa kuti ayambire pati, kapena laputopuyo ingotayidwa.

Achemwali, laputopu yanu ilibe mlandu. Chakupwetekani ndi mndandandawo. Mnzanuyo wakulemberani zida za ntchito zosiyanasiyana, pamene inu simunalembe ngakhale mzere umodzi wa khodi. Android Studio eni ake a Google amati imafuna RAM yosachepera 8 GB. Anaconda kungoitsitsa kokha imadya pafupifupi 1 GB, ndipo zambiri zomwe imabwera nazo simudzazigwira chaka chino. Komanso Visual Studio ndi Visual Studio Code ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale mayina akufanana. Yoyambayo ndi chimphona chodya ma GB ambirimbiri, inu mukufuna yachiwiriyo. Zichotseni zonsezo kudzera ku Settings, pa Apps, laputopu ipume.

Muikemo Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), Visual Studio Code (molembera khodi) ndi Git (yosunga mbiri ya khodi), basi. Zitatuzi pamodzi ndi pafupifupi 200 MB, ndipo zonse n'zaulere. Wina akakuuzani kuti mulipire Python, dziwani kuti mukulipira thukuta lake lokha.

Musanatsitse kanthu, tsegulani Settings, System, About, muone ngati Windows yanu ndi ya 64-bit, kuti mutenge fayilo yoyenera. Ndiye pa Wi-Fi kapena hotspot ya foni yanu yatsani Metered connection. Mukapanda kutero, Windows imayamba kudzitsitsira zake mwakachetechete, inu n'kumadabwa kuti bandulo ya Econet kapena NetOne yapita kuti.

Tsopano Python. Itengeni ku python.org, osati pa linki ya m'gulu la WhatsApp. Fayilo yake sikwana 30 MB. Mukaitsegula, musathamangire kudina Install Now. Yang'anani m'munsi mwa windo loyambalo, muona kabokosi kolembedwa kuti Add python.exe to PATH. Kachongeni kaye. Anthu ambiri amagwera pomwepa, ndipo ndi bwino mumvetse chifukwa chake m'malo mongoloweza.

PATH ndi mndandanda wa mafoda omwe Windows imapitako mukatayipa dzina la pulogalamu. Zili ngati mwana amene mwamutuma kukapempha mchere, n'kumutchulira nyumba zitatu: akafunsa mwa atatuwo motsatana, akapeza panyumba yoyamba sapitirira, akasowa konse abwerera chimanjamanja, ngakhale mchere uli panyumba yachinayi. Python ikhoza kukhala ilimo bwinobwino m'laputopu, koma ngati foda yake sili pa mndandandawo, Windows iti siikuidziwa.

Nanga Microsoft Store ikulowerera bwanji? Kuyambira 2019, Windows 10 imabwera ndi kafayilo kotchedwa python.exe komwe si Python yeniyeni, ntchito yake n'kukutumizani ku Store. Kafayiloka kali kale pa PATH, choncho kamayankha msanga. Dinani Start, mutayipe Manage app execution aliases, muzimitse python.exe ndi python3.exe. Kenaka tsekani Command Prompt n'kuitsegulanso, chifukwa windo lakale silidziwa kuti PATH yasintha. Tayipani python --version. Ikakuyankhani ndi nambala yoyamba ndi 3, mwawoloka.

Nambala 3 imeneyo ndi yofunika. Guido van Rossum anatulutsa Python mu 1991, Python 3 inabwera mu 2008, ndipo Python 2 anasiya kuisamalira pa 1 January 2020. Koma mabuku ndi mavidiyo akale adakali mbwee, ndipo ndi omwe amayenda kwambiri pa ma flashi. Mukaona phunziro likulemba print "Moni" m'malo mwa print("Moni"), lisiyeni, ndi lakale.

Visual Studio Code ilibe nkhani yambiri. Itsitseni ku code.visualstudio.com, muikemo extension (kapulogalamu kowonjezera) imodzi, ya Python yopangidwa ndi Microsoft. Zokongoletsa zinazo zisiyeni, RAM yanu ndi yochepa. Pa File yatsani Auto Save.

Ntchito iliyonse ikhale ndi foda yake, ndipo mutsegule fodayo mu Visual Studio Code, pa terminal yake (potayipa malamulo) mutayipe python -m venv .venv, kenaka .venv\Scripts\activate. Zimenezi zimachititsa kuti zomwe mwaika ndi pip, chida choikira zowonjezera za Python, zikhale za ntchito imeneyo yokha, zisakakangane ndi za ntchito ina. Ngati terminal yanu ndi ya PowerShell ndipo ikakana ndi malemba ofiira onena kuti running scripts is disabled, musachite mantha. Sinthani terminal ikhale Command Prompt, lamulo lomwelo liyenda.

Git ena amati ndi ya akatswiri, muidikire. Ine ndimakana, makamaka kwa ife a muno mu Harare. Magetsi athu mukuwadziwa, ndipo batire la laputopu ya kaunjika nthawi zambiri limakhala litatopa kale, magetsi akangoti phethi nayo yazima. Linus Torvalds analemba Git mu 2005 kuti azisungira mbiri ya khodi ya Linux, ndipo inunso ikusungirani mbiri ya ntchito yanu. Mukaiika, iuzeni dzina lanu ndi git config --global user.name, ndi imelo yanu ndi git config --global user.email, n'kulemba dzinalo kapena imeloyo pakati pa " " kumapeto kwa lamulolo. Tsegulani akaunti ya GitHub, webusaiti yosungirako khodi, muzitumizako ntchito mukapeza netiweki. Disiki ikadzafa, khodi yanu mudzaipeza. Pa chifukwa chomwechi, musayambe kuika pulogalamu nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi akwanuko amakonda kuchoka. Mafayilo atatu mwatsitsawo asungeni pa flashi, mudzathandize nawo mnzanu, ndipo ku docs.python.org kuli buku lonse la Python loti mutsitse kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti.

Pali chimodzi choti amalume achidziwe. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo komwe malaputopu ambiri akale alibe. Python iyendabe, koma m'tsogolomu ganizirani za Linux Mint kapena Ubuntu, mitundu ya Linux yolowa m'malo mwa Windows, zomwe zimabwera ndi Python 3 kale. Mukadzasamukira kumeneko musadzaichotse Python yobwera nayoyo, chifukwa mbali zina za Linux imeneyo zimaidalira.

Ndalama ikapezeka, musathamangire laputopu ina. Kwerani kombi mupite m'tauni, kumashopu a zamakompyuta monga a ku Gulf Complex, mufunse mitengo m'mashopu angapo. Ngati yanuyo ili ndi hard disk yozungulira, yambani ndi SSD (disiki yothamanga yosazungulira), kusintha kwake mukuona tsiku lomwelo. Kenaka RAM ifike 8 GB, ngati laputopuyo imalola kuwonjezera. Nyamulani laputopu yomweyo, aikemo inu mukuona, ndipo muiyatse mutsegule About musanapereke ndalama. Java ndi XAMPP mudzaziika tsiku lomwe kosi yanu idzazifune.